Dzala la a Saidi

M'miyezi ya Juni ndi Julayi mzinda wa Mzuzu unkachedwa kudzuka. Ababa akatuluka kupita ku mzikiti, amayi ankandigwedeza paphewa kuti ndikakoleze mbaula, ndipo ndikatsegula chitseko cha kuseri ndinkapeza dera lathu lonse la Katawa litamezedwa ndi nkhungu. Madenga kunalibe, mitengo ya bulugama ya kutsidya kwa dambo kunalibe, ngakhale mpanda wa aneba sunkaoneka. Kunali kuyera kokhakokha, konyowa, kolowa m'mphuno ngati utsi wopanda moto. Mawu okha ndiwo ankayenda m'menemo: belu la njinga ya wogulitsa makala, ndowa yogunda pampopi, mwana wina akutsokomola kuseri kwa khoma. Ndinkanjuta pafupi ndi mbaula nditafunda chitenje mpaka kumutu, ndikukupiza moto ndi chivundikiro cha poto, ndipo nkhungu ikayamba kupyapyala chinthu choyamba kutulukira chinkakhala dzala.

Linali kuseri kwenikweni kwa shopu yathu, mulu wotalika kuposa ine, ukufuka kautsi kake pang'onopang'ono ngati chinyama chogona. Fungo lake ndikulikumbukabe: phulusa lonyowa, makoko a nthochi, mitu ya usipa, majumbo opserera. Akhwangwala ankatera pamwamba pake n'kumayenda monyada ngati eni munda. Ndipo nthawi yomweyo, kusanayere bwino, anthu ankatulukira m'nkhungumo ngati zithunzithunzi, wina ndi beseni, wina ndi thumba, n'kukhuthula, n'kuzimiririkanso. Nkhope sindinkaziona, koma ambiri ndinkawadziwa ndi kayendedwe.

Ife tinachokera ku Machinga ine ndili wakhanda. Kutsogolo kwa nyumba kunali shopu ya sopo, shuga, mchere, mafuta ndi mabanzi, ife tikukhala m'zipinda ziwiri za kumbuyo. Ababa, amene anthu ankawatchula kuti a Saidi, anali munthu wofatsa, wa kachisoti koyera, wopereka moni kwa aliyense wodutsa. Ndi amayi ankalankhula Chiyao, ndi ogula Chichewa. Chitumbuka ankachimva bwinobwino koma ankaopa kuchilankhula, kupatula yewo yekha, zikomo wa Chitumbuka, amenenso ankamunena motsitsa mawu ngati wobwereka. Mnyamata akadutsa ndi wezulo kulengeza za msonkhano wa m'dera, iwo ankangogwedeza mutu n'kupitiriza kupanga katundu m'mashelefu. Ankati nkhani za malo n'za eni malo, ife tinabwera kudzagulitsa sopo. Ine amene ndinakulira m'fumbi la ku Katawa, ndikutukwanizana ndi anzanga m'Chitumbuka, sindinkamvetsa kuti eni malowo anali ndani, komanso sindinafunsepo.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 7. A Sitandade 8 anali atalemba kale mayeso n'kuchoka, motero ife ndife tinatsala akuluakulu a pasukulu, tikuyenda mabuku atatsinidwa kukhwapa, milomo itang'ambika ndi chisanu. Phunziro la Sosho ankatiphunzitsa a Madamu Nyirongo, mtsikana wamng'ono thupi amene ankachokera ku Luwinga pa minibasi atakulunga sikafu m'khosi. Tsiku lina anatseka buku phunziro lili pakati n'kunena kuti atopa kutimva tikuimba za ufulu ndi udindo ngati nyimbo ya pamaliro yomwe sitikuidziwa tanthauzo. Anatiuza kuti tikhale awiriawiri, ndipo gulu lililonse lipeke masewera akeake, oti ngakhale makolo athu akhoza kusewera, ochititsa munthu kuganizira za malo amene amakhala. Anatipatsa milungu inayi.

Mnzanga sindinachite kumufuna. Tiwonge ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu, ndipo tinali limodzi kuyambira tili mu Sitandade 1. Anali wamanzere, wa mpata kumano, wodziwa kujambula kotero kuti akajambula galu unkadziwa kuti ndi galu wa kwa ndani. Analinso ndi khalidwe limodzi lovuta: chinthu akachiona kuti n'choona, ngakhale umulonjeze mandasi sankachisintha.

Ababa anatipatsa katoni yaikulu ya sopo. Tinaitambasula pakhonde la kuseri, tikuipsinja ndi njerwa m'makona, ndipo masiku onsewo manja athu ankanunkhira sopo wochapira. Tiwonge anajambula njira yochokera kusukulu kukafika kunyumba, yokhotakhota monga momwe inalili, n'kuidula m'timabokosi. Utoto tinalibe. Misewu tinaipaka katondo wosungunula m'madzi, dambo tinalipaka madzi a masamba a mbatata otikita pamwala, madenga tinawadetsa ndi makala, ndipo kamtsinje kanachokera ku inki ya bolopeni yomwe Tiwonge anaiyamwa n'kukhala ndi milomo yabuluu masiku awiri. Timapepala tinkamata ndi phala la ufa wa kondowole. Dayisi tinasema ku kachidutswa ka paini kotola kwa kalipentala, madontho ake n'kuwotcha ndi msomali woika pambaula, kafungo ka utomoni kakudzadza khonde lonse. Osewera ankayenda ndi zitsekerero za mabotolo.

Sindidziwa kuti ndingafotokoze bwanji mmene zinkamvekera kuona dera lathu lonse litagona pansi pamaso pathu. Chigayo, tchalitchi, mzikiti, siteji ya akabaza, mlatho wa matabwa atatu, zonse zinakwana pakatoni ya sopo. Tikaweramirapo nthawi yaitali tinkaiwala kuzizira, n'kumamva ngati tikuuluka pamwamba pa madenga, tikusuzumira m'mabwalo a anthu. Kamvula kowaza kaja, kamene ababa ankakatchula kuti chiperoni ngati ali kwawo, kakayamba, tinkakokera katoniyo m'kati n'kupitiriza pafupi ndi zenera, madontho akuyenderera pagalasi. Masiku ena ndinkalota ndikuyenda m'timabokosimo, pansi pali pofewa ngati katoni, ndikudikira kuti wina aponye dayisi kuti ndisunthe.

Malamulo oyamba anali osavuta. Ukagwera pavuto, monga mpopi wothyoka kapena thabwa loguluka pamlatho, sunkapitirira mpaka utanena amene ungakamuuze ndi chimene iwe mwini ungachite, ndipo anzako akakhutira ankakweza manja. Apa m'pamene tinazindikira kuti mayankhowo ifenso sitinkawadziwa. Tinatha masana angapo tikufunsa mayi wa pampopi, akabaza, ngakhalenso a Mhango, mkulu wopuma pantchito amene anali blokolida, mtsogoleri wa dera lathu. Tinawapeza atakhala padzuwa ndi chijasi chachikulu, wailesi ili pamwendo, ndipo anatiyankha mofatsa ngati ndife anthu a boma, ife tikulemba kuseri kwa kope la masamu.

Kenaka ndinagwidwa ndi chimfine n'kugona masiku awiri. Nditadzuka ndinapeza Tiwonge atamaliza yekha ngodya ya kwathu. Shopu anaijambula mokongola, mpaka kachisoti ka ababa kakuoneka pazenera. Kuseri kwake anajambula mulu, akhwangwala awiri pamwamba, n'kumatapo tizidutswa ta jumbo leniteni. Pansi pake, m'zilembo zake zopendekera kumanzere, analemba kuti: Dzala la a Saidi.

Dzinalo sikuti linali lachilendo kwa ine. Aliyense ankatchula choncho. Wokwera kabaza ankati amutsitse pa dzala la a Saidi, wolondolera mlendo ankati akafika pa dzala la a Saidi akhotere kumanja. Koma kumva ndi khutu n'kwina, kuona dzina la bambo ako litalembedwa pansi pa zinyalala, pachinthu chokaonetsedwa kusukulu yonse, n'kwinanso. Kwathu zinyalala amayi ankaziwotcha m'chimgolo chakale pafupi ndi bafa, ndipo ababa sindinawaonepo akutaya ngakhale kapepala ka switi pamulu umenewo. Ndinamuuza Tiwonge kuti afufute.

"Kweni ndi mmene anthu amatchulira, iwe," anatero. "Tikalemba dzina lina palibe adziwe kuti ndi pati."

"Amayi ako amataya phulusa pamenepo m'mawa uliwonse," ndinamuyankha. "Ndimawaona. Ulembeponso dzina lawo."

Anatola timapensulo take kamodzikamodzi, n'kutiika m'thumba la yunifolomu, n'kutuluka. Masiku anayi sitinalankhulane. Katoni ndinaikankhira kunsi kwa bedi. Popita kusukulu ndinkaona juzi yake yofiira patsogolo panga, ikubisika n'kuonekanso pokhota, ine ndikuchepetsa dala mayendedwe kuti ndisamupeze. Panthawi yopuma ndinkadya mbatata yanga ndekha.

A Madamu anaona. Tsiku lachisanu anatisiya awirife kuti tisese m'kalasi ena ataweruka, n'kukhala patebulo akuchonga makope ngati sakutiona. Titamaliza anafunsa za masewera athu, ndipo nkhani yonse inatuluka, ine ndikulira, Tiwonge akuyang'ana kudenga. Sanaweruze mlandu. Anangoti mmene amvera, aliyense wa ife akunena zoona, ndipo akanakonda kuona masewera okhala ndi malo a zoona ziwiri zonsezo. Anatenga chikwama chawo n'kuthamangira minibasi.

Lamulo latsopano linabadwa tikuwotcha mbatata madzulo a tsiku lomwelo, tisanayambe n'kuyang'anana bwino kumaso. Dzina likhalapo, poti n'loona. Koma aliyense wogwera pa kabokosi ka dzala sachokapo mpaka atatchula mokweza chinthu chimodzi chimene iye kapena a kwawo anatayapo, ndipo akagwidwa bodza abwerere kusukulu kukayambiranso. Woyamba kugwerapo anali Tiwonge. Anapuma kaye, n'kunena kuti phulusa la amayi ake, komanso nsapato yong'ambika ya mchimwene wake. Dayisi itandiponya pomwepo inenso, ndinafuna kunena kuti ndilibe kanthu, koma maso ake anali pa ine, ndipo ndinaulula za pepala la mayeso a masamu lomwe ndinalifinya n'kulikwirira m'mphepete mwa mulumo kuti amayi asalione. Tinaseka mpaka mbatata inapserera.

A Madamu anali atatiuza kuti masewerawo tiwayese ndi akuluakulu. Mwayi unabwera Loweruka lina masana pomwe kamvula kanasonkhanitsa anthu pakhonde la shopu: akabaza awiri, azimayi ochokera kumsika, amayi ake a Tiwonge, mkulu wina wa mpingo, ndi a Mhango amene anabwera kudzagula mabatire. Tinayala katoni pabenchi mwamanyazi. Poyamba ankasewera motichitira chifundo, koma posakhalitsa anayamba kutsutsana zenizeni za amene ayenera kukonza mlatho, Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi zikusakanikirana. Kabokosi ka dzala ndiko kanatenthetsa khonde. Mayi wina anaulula za nkhuku yofa ndi chitopa. Wakabaza anatchula chubu chakale. Amayi ake a Tiwonge anaphimba nkhope ndi chitenje akuseka, n'kuvomera phulusa la zaka zambiri. Mkulu wa mpingo anati iwo sanapondepo pamalopo, amangotuma ana, ndipo khonde lonse linagamula kuti abwerere kusukulu. Ine ndinkamva kukoma mumtima. Dera lonse linkadziulula lokha pamaso pa ababa, amene ankaonerera ali kuseri kwa waya wa pazenera, akumwetulira.

A Mhango ndiwo anawaitana, akuti mwini dzala sangakane kusewera. Ababa anakana kawiri, kachitatu anatuluka akupukuta manja kuthalauza. Anasankha chitsekerero chobiriwira. Ataponya kachitatu chitsekererocho chinakaima pomwepo, pakati pa akhwangwala awiri a Tiwonge. Anthu anaombera m'manja, ine ndinawongoka, ndikudikira kuti ababa anga anene zomwe palibe wina aliyense pakhondepo akanatha kunena, zoti iwo sanatayepo kanthu. Iwo anayang'ana kabokosiko nthawi yaitali.

"Dzala limeneli ndinaliyamba ndine," anatero motsitsa. "Chaka chomwe tinafika kuno ndinakumba kadzenje kotayamo zosesa za mu shopu. Katadzadza sindinakakwirire. Munthu woyamba kudzatayapo ndinamuona ndi maso angawa, koma ndinachita manyazi kumuletsa poti ndinali mlendo. Ana awa sanalembe bodza."

A Mhango anakonza kukhosi n'kunena m'Chitumbuka kuti malinga ndi malamulo a eni masewera, a Saidi akhoza kupitirira. Anthu anaseka pang'ono, kuseka kofewa, dayisi n'kupitiriza kuzungulira. Ine ndinazemba n'kukakhala kuseri kwa bafa. Ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyira ndi Tiwonge. Ndinali nditaluma mnzanga ndi mawu, ndinatha masiku anayi ndili ndekha, ndikuteteza munthu amene nthawi yonseyo ankadziwa kuti dzinalo n'lake. Amayi anandipeza kumeneko atanyamula zochapa. Sananditonthoze. Anangoti nawonso za kadzenjeko ankazidziwa, koma sankadziwa kuti ababa akhala akuzisenza mumtima zaka khumi ndi chimodzi.

Mlungu wotsatirawo ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekezere. Ndikuchokera kotunga madzi ndinapeza ababa atakhala pakireti m'shopu, Tiwonge ataima patsogolo pawo ngati mphunzitsi. Anali atamupempha kuti awaphunzitse mawu ochepa a Chitumbuka oti akanene kumsonkhano. Iwo ankabwereza ngati mwana wa Sitandade 1, iye akuwakonza mosanyengerera, akuwauza kuti ayambirenso, ndipo iwo ankayambiranso. Ndinaima pakhomo ndowa ili pamutu, madzi akundidonthera m'khosi, ndipo mkwiyo uja sindinaupezenso pamene ndinausiya.

Msonkhano unachitika Lamulungu masana pansi pa mtengo wa mapeyala kwa a Mhango. Ababa anatseka shopu, chinthu chomwe ankachita Lachisanu lokha popita kokapemphera, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze. Tinakhala kumapeto. Anthu anakamba za akuba nkhuku, za maliro, za agalu, ine ndikuganiza kuti mwina asintha maganizo. Kenaka anakweza dzanja n'kuimirira, kapepala ka Tiwonge kakunjenjemera pakati pa zala zawo.

"Monile mose," anatero. "Nkhando yila nkhajima ndine. Munigowokere."

Atavomera choncho kuti dzenje lija anakumba ndi iwo n'kupempha kuti awakhululukire, Chitumbuka chinawathera. Anapitiriza m'Chichewa, akupempha kuti dzalalo tilichotse pamodzi, kuti iwo abweretsa wilibala ndi mafosholo awiri, ndiponso kuti wodziwa kopempha galimoto yonyamula zinyalala awalondolere. Atakhala pansi, mayi wina wachikulire amene ankagulitsa nthochi anaomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti yewo adada, ena n'kutsatira. Mtsutso unali wautali, poti aliyense ankafuna kudziwa kuti tsopano azikataya kuti. Pomaliza anagwirizana kuti nyumba iliyonse ikumbe dzenje lake, ndipo anthu atatu apite kukapempha galimoto ya mabotolo ndi majumbo. M'modzi mwa atatuwo anali ababa.

Tsiku lofukula dzalalo linali ngati kutsegula zaka chimodzichimodzi. Pamwamba panali za dzulo, pansi za kale, ndipo anthu ankazindikira zinthu zawo n'kumasekana: mpando wothyoka, ketulo yobooka, nsapato ya mchimwene wa Tiwonge. Tinamanga mipango kumphuno, azimayi akuimba, akhwangwala akuzungulira m'mwamba mosowa potera. Galimoto inabwera atatuwo atapitako maulendo angapo. Sindinganene kuti pamalopo panayera mpaka kalekale. Ena ankabwerabe ndi mabeseni awo. Koma tsopano ababa ankatuluka, n'kumupatsa munthuyo moni pomutchula dzina, n'kumufunsa ngati dzenje la kwawo ladzadza, ndipo kawirikawiri beseni linkabwerera lili lodzadza.

Kusukulu masewera athu sanapambane. Anapambana anyamata awiri amene anapanga mafunso a pawailesi ndi maikolofoni ya chitini, ndipo anayeneradi, poti anaseketsa ngakhale ahedi. Katoni yathu inatha pang'onopang'ono ndi manja a anthu a pakhonde, mvula ya Disembala n'kudzamaliza. A Madamu anasamutsidwa chaka chotsatira. Tiwonge ali kutali tsopano, ndipo timangolemberana pafoni, iye akadali wosagonja pankhani iliyonse.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti akuluakulu anagawana kale dziko, aliyense akudziwa pake, ndipo kukhala chete kwawo kunali nzeru. Chisanu chimenecho ndinaona kuti ambiri ankangoopana, aliyense akudikira kuti wina ayambe, ndipo anafunika katoni ya sopo ndi malamulo a ana kuti anene mokweza zimene ankazidziwa kale. Lero ndikakhala pamsonkhano wa kumene ndimachita lendi, mtima umagundabe ndisanakweze dzanja, ndipo sindimadzinyoza nazo, chifukwa ndinaonapo bambo wa imvi akunjenjemera pamaso pa aneba ake koma osakhala pansi.

Pali kanthu kamodzi kamene sindinauzepo Tiwonge. Pobwerera kuchokera kumsonkhano uja, titapitirira chigayo pomwe panalibe wotimva, ababa anachepetsa mayendedwe n'kundifunsa monong'ona ngati Chitumbuka chija anachinena bwino. Sanachinene bwino. Mawu anawakoka mwa Chiyao, kwina lilime linapunthwa, ndipo ana amene anakhala kutsogolo ndinawaona akutsinana. Ndinayang'ana ababa atapendeketsa mutu, akudikira yankho kwa ine mwana wawo, ndipo ndinawauza kuti ananena bwino chomene. Mpaka lero sindiona kuti ndinanama.